Sukulu Zitatsekedwa mu 2020: Luso Limene Linafunika kwa Ophunzira ndi Aphunzitsi

Pa tsiku la 23 Marichi, 2020, sukulu zonse za m'dziko la Malawi zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, monga analamulira Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Peter Mutharika. Ana ozolowera belu, choko ndi bolodi anauzidwa kuti apitirize maphunziro ali kwao. Boma silinakhale chete: Unduna wa Zamaphunziro unaika maphunziro a sekondale pa intaneti, nupangana ndi kampani ya TNM kuti ophunzira aziwerenga mosalipira, ndipo a pulaimale unawakonzera maphunziro pa wailesi ya MBC.

Njira inalambulidwa ndithu, koma oyendamo anali owerengeka. Kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti mwa mabanja 100 alionse, 11 okha ndiwo anali ndi magetsi, ndipo okhala ndi foni ya m'manja anangopitirira theka pang'ono. Komatu kusowa kwa zipangizo sikufotokoza zonse iai, pakuti ngakhale m'tauni, mwana wokhala ndi foni yabwino akanatha kukhala miyezi isanu osamaliza mutu umodzi wa masamu.

Chimene chinasoweka koposa ndicho luso la kudzilamulira. Kusukulu mwana sasankha nthawi. Belu limamsankhira, ndipo mphunzitsi amamyang'anira. Kunyumba kuli madzi oti atunge, mwana woti alere, chimanga choti akolole, ndipo Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi yokolola imene. Tsono wophunzira anayenera kudziikira yekha maola, kuwerenga ndime yovuta kawiri kapena katatu popanda womumasulira, ndi kudziyesa yekha ngati wamva. Luso limeneli si lachilendo kuno. Mu 1965 Boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inatchedwa Malawi College of Distance Education. Ophunzira ake ankalandira maphunziro pa mtokoma, nayankha mafunso pa nyali ya koloboyi, natumiza mapepala kuti akachongedwe. Iwo anadziwa kuti mphunzitsi ali kutali, ndipo anadzikonzeratu mtima. Ana a mu 2020 anagweramo mwadzidzidzi, wopanda wowalangiza.

Panafunikanso nzeru ya kusamala ndalama. Wodziwa foni ankakopera phunziro kamodzi ndi kulisunga, m'malo moonera kanema kangapo mpaka bandulo kutha. Ankakumbukiranso kuti kutchaja foni pa msika nkolipira. Ndipo popeza foni inali kawirikawiri ya bambo kapena ya mchimwene, mwana anayenera kulemba msanga m'kope zonse zofunika mwini wake asanaitenge. Kufunsa nako kunasanduka luso. M'kalasi kukwinya nkhope kumakwanira kuti mphunzitsi abwereze, koma pa WhatsApp wophunzira ayenera kutchula bwino lomwe pamene pamsokoneza, m'mau ochepa.

Aphunzitsi nawo anakumana nazo. Munthu wophunzitsidwa kuimirira pamaso pa ana amadziwa poona nkhope zao ngati akumva. Nkhope zitachoka, anayenera kudula phunziro m'zigawo zazifupi, kulankhula momveka pojambula mau, ndi kupereka ntchito yoti mwana aigwire yekha. Kungojambula masamba a buku ndi kuwatumiza, monga ena anachitira, si kuphunzitsa.

Sukulu zinayamba kutsegulidwa pa 7 Seputembala, 2020, kuyambira ndi makalasi olemba mayeso, ndipo otsalawo anabwerera pa 12 Okutobala. Si onse anabwerera: kafukufuku wa Boma anapeza kuti atsikana oposa 40,000 anatenga pathupi m'miyezi imeneyo. Mu Januwale 2021 mliri unakulanso, sukulu nkutsekedwanso kwa masabata angapo, ana atangokhala m'kalasi miyezi itatu kapena inayi yokha.