Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, m'magulu a WhatsApp a mabanja mumayamba kuyenda zithunzi za makalata. Kalata yachidindo chonyezimira, dzina la mwana pamwamba, pansi pake mawu oti yunivesite yakutiyakuti ya ku England kapena ku Canada yamupatsa malo okaphunzira za bizinesi. Azakhali alulutira, amalume alemba kuti mbumba yatukuka tsopano, abusa nawo aponyapo dalitso. Tsamba lachiwiri, pamene alembapo ndalama, palibe amene amalitumiza.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malo a sukulu yakunja opanda wokulipirira ndi fodya wapachala, ndipo mphepo yake masiku ano ikuomba mwamphamvu.

Tiyeni tiwerenge. Digiri ya za bizinesi ku mayunivesite ambiri a ku Britain imadya mapaundi opitirira 15,000 pachaka kwa mwana wochokera kunja. Imeneyo ndi fizi yokha, pogona ndi chakudya palibe, ndipo zaka zake ndi zitatu. Asanapereke viza, a boma la Britain amafuna kuona kuti ndalama za fizi ndi zodyera zagona mu akaunti masiku 28 otsatizana. Nanga kwacha yathu? Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Bambo amene anagona akudziwa kuti fizi ya madola 10,000 ndi K11.8 miliyoni anadzuka m'mawa ikufuna K17 miliyoni, mwana ali kale kutsidya la nyanja. Ndipo umenewo unali mtengo wa kubanki, kumene madolawo amachita kusowa. Amene anakagulapo kwa anyamata a pamsewu akudziwa mtengo weniweni.

Osonkhezera moto ndi ma ejenti. Atsegula timaofesi m'matauni, akhoma zithunzi za achinyamata akumwetulira pakapinga wobiriwira, ndipo amalipiritsa ngakhale kudzaza fomu imene mwana akanadzaza yekha pafoni. Chimene sauza makolo n'chakuti sukulu zambiri zakunja zimawapatsa kangachepe pa mutu uliwonse umene abweretsa, ndiponso kuti sukuluzo zimadalira kwambiri fizi ya alendo. Choncho kalata ija sikutanthauza kuti mwana wapambana mpikisano. Ndi pepala la wogulitsa amene wapeza wogula. Munda wa makolo ugulitsidwa, ng'ombe zipita, chaka choyamba chilipidwa, chachiwiri zii. Mwana angotsala m'dziko la eni, sukulu yamutsekera pakhomo, kubwerera kumudzi akuchita manyazi.

Kwinaku kuli makolo okonda mayina. Umva bambo akunena pamaliro kuti wanga akufunsira ku Harvard akachite bizinesi, osadziwa kuti Harvard siipereka n'komwe digiri yoyamba ya bizinesi: sukulu yake ya bizinesi imatenga anthu amene ali kale ndi digiri. Komabe ndalama yofunsira malo aitumiza, ya mayeso a Chingerezi aitumizanso, zonse m'madola, zonse zosabwezedwa. Ndalama yomweyo ikanakwana fizi ya teremu yathunthu kunoko.

Fodya wapamphuno alipo, koma anthu amamuona ngati wa amphawi. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene akuluakulu akuitchulabe Poly ngakhale inaima payokha mu 2021, ndipo akauntanti ambiri amene akuyendetsa mabanki ndi makampani a m'dziko muno anadutsa pamenepo. Ku Zomba, UNIMA imaphunzitsa za chuma. Ku Bunda, LUANAR ili ndi maphunziro a bizinesi ya zaulimi, ndipo m'dziko limene ndalama yake imachokera ku fodya, tiyi, shuga ndi soya, kunyoza maphunziro amenewa n'kusadziwa kumene nsima ikuchokera. Ku Luwinga, Mzuni imaphunzitsa zokopa alendo ndi kuyendetsa mahotela. Palinso za mipingo, monga ya Katolika ku Nguludi, imene inatsegulidwa mu 2006, ndi ya Livingstonia kumpoto. Wophunzira wosowa amene wapeza malo kunoko angathe kupempha ngongole ku bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede. Bungwe limenelo silidziwa za fizi ya ku London.

Koma ngakhale pakhomo pompano matenda ndi omwewo. Fomu yofunsira malo m'mayunivesite a boma, ya bungwe loyang'anira sukulu zaukachenjede la NCHE, imapatsa mwana mpata wosankha maphunziro angapo. Mwana wa mapointi 22 adzaza mipata yonse ndi maphunziro amene amalimbirana a mapointi 8 ndi 10, chifukwa mnzake wa m'kalasi analemba zomwezo. Mayina atuluka, lake palibe, ndiye kuyamba kunena kuti akondera ena. Ndani anamukhazika pansi n'kumuuza kuti mpata umodzi ndi wa maloto, ina yonse ndi ya zimene mapointi ake angafikire? Aphunzitsi a kusekondale ntchito yawo imathera tsiku la pepala lomaliza. Makolo ambiri fomuyo sanaionepo n'kale lomwe.

Ndiye pali ndalama zimene sizilembedwa pa kalata iliyonse. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, choncho mwana wa ku MUBAS amakachita lendi ku Chitawira, ku Naperi kapena ku Ndirande, wa ku UNIMA ku Chikanda. Kachipinda kamodzi anthu atatu, matiresi pansi, mbaula pakona, thumba la ufa wochokera kumudzi litatsamira khoma. Onjezani makala, ndiwo, minibasi, laputopu, intaneti ndi kufotokopa mabuku. Mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe amene mwana wake wasankha sukulu ya ku Blantyre komweko, n'kumagona kunyumba, wapulumutsa pafupifupi theka la mtolo. Mwana amene ali ndi mchemwali wa mayi ake ku Mzuzu ayenera kuganiza kawiri asanataye Mzuzu chifukwa choti dzina la kwina limamveka bwino pakamwa. Zodabwitsa n'zakuti amene akulephera kuwerengera zimenezi ndi omwe akuti akufuna kukaphunzira kuyendetsa ndalama za anthu ena.

Kutchipa nakonso kuli ndi msampha wake. Timakoleji tamera pamwamba pa masitolo, tili ndi mayina aatali kuposa makalasi ake, tikulonjeza digiri ya bizinesi pamtengo wa mbuzi ziwiri. NCHE imatulutsa mndandanda wa sukulu ndi maphunziro amene inavomereza. Kufunsa kumeneko n'kwaulere. Kudzazindikira pa tsiku la intaviyu kuti pepala lako silidziwika, zaka zinayi zitapita, n'kumene kumawawa.

Ndipo ndani anati bizinesi imalowera pa khomo la digiri lokha? Ku Malawi College of Accountancy, anthu amayamba ndi mayeso a ukauntanti a ICAM, ena n'kupitiriza ndi ACCA, akuphunzira madzulo kapena kumapeto kwa sabata uku akugwira ntchito masana. Amalipira pepala ndi pepala monga thumba lalolera. Ambiri a iwo ndi amene amadzafunsa mafunso ana a madigiri akabwera kudzafuna ntchito.

Ena adzati mwambi wa fodyawu ndi wa anthu amantha, kuti mbewa yamanyazi inafera kudzenje. N'zoona pang'ono. Mwana wa mapointi 6 afunsire ndithu sukulu yakunja imene imalipirira zonse ophunzira osowa, bola adzazenso fomu ya NCHE tsiku lomwelo. Ofuna kutuluka ayang'anenso ku South Africa, kumene mayunivesite aboma amalipiritsa ana a m'mayiko a SADC fizi yofanana ndi ya eni dziko, kuonjezapo kandalama ka alendo. Koma thandizo lalikulu ngati Chevening la ku Britain ndi la digiri yachiwiri, ndipo amafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito zaka ziwiri. Amene amalipeza nthawi zambiri ndi omwe aja anayambira ku MUBAS, ku Zomba kapena ku Bunda, n'kukhoza bwino, n'kupita ku London ndi ndalama za eni ake, munda wa makolo uli chikhalire.