Liwu limodzi limene linagawanitsa Bitcoin

Mkangano umene unabuka pakati pa olemba mapulogalamu a Bitcoin kuyambira mu 2015 mpaka mu 2017 umakambidwa kawirikawiri ngati nkhani ya manambala: megabaiti imodzi kapena zisanu ndi zitatu. Manambalawo analipodi. Koma chimene chinalepheretsa anthu anzeru, odziwana bwino, kuthetsa nkhaniyi chinali liwu limodzi la Chingerezi, consensus, limene mbali iliyonse inkalitchula tsiku ndi tsiku osafunsa ngati inzake ikulimva mofanana.

Bitcoin ndi kaundula wa malipiro wosungidwa pa makompyuta ambirimbiri padziko lonse. Pafupifupi mphindi 10 zilizonse pamawonjezeredwa tsamba latsopano lotchedwa buloko, ndipo amene makina awo amagwira ntchito yolemba masambawa amatchedwa okumba. Mu 2010 Satoshi Nakamoto, mwini wake wa luso limeneli, anaika malire akuti buloko isapitirire megabaiti imodzi, ndipo mu 2011 anasiya kumveka. Malirewo ankalola malipiro osapitirira asanu ndi awiri pa sekondi. Anthu atachuluka, mzere unatalika, ndipo wofuna kudutsa msanga ankayenera kulipira zambiri.

Gavin Andresen ndi Mike Hearn anati buloko ikulitsidwe. Mu Ogasiti 2015 anatulutsa pulogalamu yotchedwa Bitcoin XT, yofuna kukweza malire kufika pa megabaiti 8 ndi kumawawirikiza kawiri zaka ziwiri zilizonse. Ambiri mwa osamalira pulogalamu yaikulu, Bitcoin Core, anakana. Mfundo yawo inali yakuti kaundula akanenepa kwambiri, munthu wamba sadzathanso kumusunga pa kompyuta yake, ndipo mphamvu idzatsalira m'manja mwa makampani ochepa. Mbali zonse ziwiri zinkati zikuteteza wosauka, ndipo zonse sizinkanama. Wotumiza kandalama kochepa kumudzi kuchokera ku Johannesburg amapwetekedwa ndi mtengo wokwera wotumizira. Wokhala kumene bandulo ya intaneti ndi yodula amapwetekedwa ndi buloko yaikulu.

Chichewa chimasiyanitsa zimene Chingerezi chinaphatikiza pamenepa. Pali kugwirizana, pali kumvana, pali kuvomereza, palinso kulolera, kumene munthu amachita mtima ukukana. Makompyuta a Bitcoin amagwirizana popanda kumvana: buloko yophwanya lamulo ngakhale limodzi imakanidwa, basi. Limeneli ndi tanthauzo loyamba la consensus, ndipo n'lodziwikiratu. Tanthauzo lachiwiri ndi la anthu, ndipo palibe amene analilongosola. Kodi ndi okumba 75 pa 100 alionse, monga inafunira Bitcoin XT? Kodi ndi 95, monga unafunira poyamba njira yotchedwa SegWit? Kodi ndi makampani, kapena aliyense wosunga kaundula kunyumba kwake? Aliyense ankawerenga gulu limene linali kumbali yake.

Pangano la ku Hong Kong la mu Febuluwale 2016 linagwa pa chifukwa chomwechi. Okumba akuluakulu anakumana ndi ena mwa olemba Bitcoin Core n'kusainirana kuti payambe SegWit, njira imene Pieter Wuille anali atailongosola miyezi iwiri m'mbuyomo, kenako pakonzedwe kukulitsa buloko. Okumba anabwerera kwawo akudziwa kuti Core yalonjeza. Olembawo anati anasaina m'dzina lawo lokha, popeza Core ilibe mfumu yoilankhulira. Kumudzi ukwati sumangidwa ndi aliyense amene wapezeka pabwalo. Pamafunika ankhoswe odziwika ku mbali zonse. Ku Hong Kong kunalibe nkhoswe, koma mbali imodzi inkaganiza kuti alipo. Ngakhale liwu lakuti kukulitsa linakhala ndi nkhope ziwiri. SegWit imasintha kawerengedwe ka malo m'buloko kotero kuti mumalowa malipiro ochulukirapo. A Core anati kumeneko ndiye kukulitsa, anzawo anati ndi kuzemba.

Mu Meyi 2017 makampani oposa 50 anayesanso ku New York, mothandizidwa ndi okumba okhala ndi mphamvu yoposa 80 pa 100. Olemba Core sanasaine. Apa iwo anali ndi mfundo yolimba: ndalama imene malamulo ake angasinthidwe ndi eni makampani m'chipinda chotseka siisiyana kwenikweni ndi ndalama za banki zimene Bitcoin inabwera kudzazipewa. Cholakwa chawo chinali china. Kwa zaka ziwiri ankayankha kuti palibe consensus, osanena kuti ikanakhalapo ikanaoneka bwanji. Wofunsa amene akuuzidwa kuti chitseko chidzatseguka nthawi ikakwana, koma osauzidwa nthawiyo, sachedwa kuganiza kuti akumunyenga. Hearn anatopa mu Januwale 2016, nalengeza kuti Bitcoin yalephera, n'kuchoka.

Pa 1 Ogasiti 2017 ofuna buloko yaikulu anapatuka n'kuyambitsa Bitcoin Cash ya megabaiti 8. SegWit inayamba kugwira ntchito mwezi womwewo, ndipo gawo lachiwiri la pangano la ku New York linathetsedwa mu Novembala. Mu Disembala mtengo wotumizira Bitcoin kamodzi unafika madola makumimakumi, monga anachenjezera ogonjawo.

Chinatsala ndi kulimbirana dzina, nkhani imene olankhula chinenero chino amaidziwa. Kuyambira mu 1968 Malawi amati Chichewa pamene Zambia ndi Mozambique amati Chinyanja, komabe wa ku Kasungu, wa ku Chipata ndi wa ku Angónia akakumana pamsika amamvana, chifukwa khutu la munthu limalolera kusiyana pang'ono. Kompyuta ilibe khutu lotero. Kuyambira tsiku la mpatuko, makaundula awiriwo sawerengerana ngakhale tsamba limodzi, ndipo mu Novembala 2018 Bitcoin Cash nayonso inagawika pakati, kukula kwa buloko kuli pakati pa zokanganirana.