Za Aphunzitsi Ophunzira kwa Anzawo a M'maiko Ena

Pali dandaulo limodzi limene limveka kawirikawiri ku nyumba zathu zogona ndi pa mzere wa ku chakudya, makamaka pakati pa anzathu a Folomu 4 amene mayeso a MSCE awayandikira. Dandaulolo ndi lakuti, "Aphunzitsi a masamu apitanso ku msonkhano, nanga silabasi tidzaimaliza liti?" Ena aonjezapo mawu achipongwe, nati aphunzitsi sapitira nzeru kumeneko ayi, koma alawansi ndi nyama ya nkhuku. Ine ndapempha malo kwa akonzi a magazini ino kuti nditsutsane ndi anzangawa, ngakhale ndidziwa bwino kuti ena adzati ndili kudzikometsa kwa akuluakulu kuti andisankhe upulifeketi chaka chamawa. Anene zimenezo, koma ayambe awerenga mpaka kumapeto.

Tiyeni tiganizire kaye za ntchito ya uphunzitsi. Kalipentala akamapala thabwa mnzake ali pomwepo, ndipo akakhotetsa amuuza thabwalo lisanaonongeke. Namwino agwira ntchito pamaso pa namwino mnzake. Ngakhale amayi akamaumba mbiya, amayi ena akhala pambali napenya, nati apa pachepa dothi. Koma mphunzitsi akalowa m'kalasi natseka chitseko, kwa mphindi 40 palibe wamkulu mnzake amene aona zimene ali kuchita. Mboni zake ndife, ndipo ife tili mboni zopanda pake, pakuti akafunsa kuti, "Mwamva?" tonse tiyankha pamodzi kuti, "Tamva!" pamene ambiri a ife sitinatolepo kanthu. Chotero munthu wanzeru ndi wakhama angathe kufotokoza phunziro limodzi mwa njira yosamveka zaka 20, iye wosadziwa konse, osati chifukwa cha ulesi koma chifukwa palibe amene anamuuza. Akulu anati safunsa anadya phula; nanga iye amene alibe womufunsa adzadya chiyani?

Nzeru yakuti mphunzitsi aziyenderedwa ndi mphunzitsi mnzake inafika m'dziko lino kalekale, ndipo inachita kuoloka nyanja. Mu 1907 mayi wina wa ku Philadelphia ku America, dzina lake Anna Jeanes, anapereka madola 1,000,000 kuti athandize sukulu za kumidzi za ana a anthu akuda kum'mwera kwa dzikolo. Ndalamazo zinalipira aphunzitsi odziwa bwino ntchito amene anali kuyenda sukulu ndi sukulu kuthandiza anzawo, ndipo woyamba wa iwo anali Virginia Randolph. Mu 1924 gulu la Phelps-Stokes linafika kuno kudzaona za maphunziro, ndipo pakati pawo panali Dr. James Aggrey, mphunzitsi wa ku Gold Coast, dziko limene lero litchedwa Ghana. Zaka za m'ma 1920 zisanathe sukulu za Jeanes zinatsegulidwa ku Kabete ku Kenya ndi ku Domasi kwathu kuno, kumene aphunzitsi anali kuphunzira pamodzi ndi akazi awo kuti pomaliza akayendere sukulu za m'midzi. Sindinena kuti zonse za nthawi imeneyo zinali zokoma. Maphunziro aja anali kutsamira kwambiri pa khasu ndi ntchito za manja, pamene makolo athu anali kufuna sukulu za sekondale, zimene dziko lino linazidikira mpaka zaka za m'ma 1940. Koma amene aganiza kuti kuphunzira kwa anzathu a kutali ndi fasho ya masiku ano adziwe kuti agogo a agogo athu anaziona kale pansi pa phiri la Zomba.

Komatu kubwereka kuli pawiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Pali kubwereka buku, ndipo pali kubwereka kachitidwe ka ntchito.

Kuyambira mu 1962 akatswiri a masamu a ku America ndi a ku Britain anali kukomana ndi anzawo a mu Africa ku Entebbe ku Uganda, nalemba mabuku a masamu atsopano, odzaza ndi maseti ndi zizindikiro zimene makolo anali asanazionepo. Anali anthu ophunzira kwambiri, a mtima wabwino. Koma mabuku anayenda msanga kuposa aphunzitsi. Buku lifika pa sukulu ya kumudzi tsiku limodzi pa lole, koma mphunzitsi woti alimvetse sakula tsiku limodzi ngati bowa. Ambiri anauzidwa kuphunzitsa zinthu zimene iwo eni sanaziphunzire, ndipo mu 1977 boma la Nigeria linaleka masamu atsopanowo m'sukulu za pulaimale. Ku America komwe anachokera, anthu anali atayamba kale kuwataya.

Tsono taonani kubwereka kwinako. Ku Japan aphunzitsi ali ndi mwambo umene unayamba zaka za m'ma 1800 zisanathe, umene iwo autcha jugyo kenkyu, ndiko kunena kuti kufufuza phunziro. Aphunzitsi angapo asankha mutu umodzi umene uvuta ana, monga kugawa mafulakishoni, nakhala pansi nthawi zingapo kukonza phunziro limodzi lokha la mutuwo. Sakonza mawu a mphunzitsi okha ayi. Ayesanso kulosera mayankho amene ana adzapereka, abwino ndi olakwa omwe, nagwirizana chimene adzachita ndi yankho lililonse. Tsiku likafika mmodzi wa iwo aphunzitsa, ndipo enawo aima m'mbali mwa kalasi ndi mapepala m'manja. Chimene chandikondweretsa koposa ndi ichi: oimirirawo sapenya mphunzitsi monga apenyera insipekitala, koma apenya ana. Asuzumira m'makope, nalemba kuti mwana wa pa zenera anasochera pa mzere wachitatu, wina uja anapeza yankho mwa njira imene palibe anaiganizira. Ana akatuluka, aphunzitsiwo akhalanso pansi nakambirana zimene anaona, nakonzanso phunzirolo, ndipo nthawi zina wina akaliphunzitsa m'kalasi lina. Palibe wopatsidwa malikisi, palibe wochotsedwa ntchito. Phunziro ndi la onse, chotero likalephera manyazi sagwera munthu mmodzi.

Mwambo umenewu unatchuka m'maiko olankhula Chingelezi mu 1999, pamene James Stigler ndi James Hiebert analemba buku lotchedwa The Teaching Gap, atapenya mafilimu a makalasi a masamu a ku Japan, ku Germany ndi ku America. Mu Africa muno zinthu zinayenda motere. Mu 1998 dziko la Kenya, mothandizana ndi bungwe la Japan la JICA, linayamba ntchito ya SMASSE yolimbitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi m'sekondale, ndipo mfundo yake inali yakuti konza, chita, penya zimene zachitika, konzanso. Maiko ena ataona analowamo, aphunzitsi awo napita ku Nairobi kukaphunzira kwa Akenya. Kuno ku Malawi ntchitoyi inayamba mu 2004 ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi, Domasi yemwe uja wa Jeanes. Anansi athu a ku Zambia anayamba kufufuza phunziro m'sukulu za m'chigawo chapakati cha dziko lawo mu 2005, ndipo pambuyo pake anafalitsa ku zigawo zina. Onani kuti chimene chinaoloka malire sichinali buku la Chijapani. Palibe mwana wa ku Kabwe kapena wa ku Machinga amene anapatsidwa masamu a ku Tokyo. Chinaoloka ndi chizolowezi chotsegula chitseko chija.

Ndipo wina asaganize kuti kuphunzira kwa alendo ndi ntchito ya maiko osauka okha. Mu 2014 dziko la England, kumene mabuku ambiri a m'laibulale yathu anachokera, linatumiza aphunzitsi ake a masamu ku Shanghai ku China kuti akakhale m'makalasi napenye, ndipo aphunzitsi a ku Shanghai anabweranso kudzaphunzitsa ana a ku England. Ngati eni mabuku sanachite manyazi, ife tichitirenji? Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumo ka mlendo kakhoza kukucheka ngati sudziwa kagwiridwe kake. Tsegulani buku la jogalafe lolembedwa ku England: likuuzani kuti mukasochera usiku mufune Nyenyezi ya Kumpoto, imene kuno kwathu sioneka konse chifukwa tili kum'mwera kwa ikweta. Likuuzani kuti masana dzuwa likhala chakum'mwera ndi kuti mwezi wa Juni ndi wotentha, pamene ife m'Juni dzuwa tiliona chakumpoto ndipo ku pulepu tipita titafunda majuzi awiri chifukwa cha chiperoni. Chithunzi cha namondwe m'bukumo chizungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi, koma Freddy amene anagumula midzi ndi sukulu m'chigawo cha kum'mwera mu Malichi 2023 anali kuzungulira motsata mivi ya wotchi, monga achitira anamondwe onse a mbali ino ya dziko. Buku silinama, linalembedwera ana ena. Amene angalitembenuze kuti litiyenere ndi mphunzitsi, ndipo angathandizidwe bwino ndi mnzake wa ku Chipata kapena wa ku Tete, amene dzuwa lake ndi lathu ndi limodzi. Chifukwa chake ine ndikanakonda kuti poyang'ana kutali tisadumphe oyandikana nawo.

Palinso china chimene chindiwawa mtima. Mu 2005 maboma a Malawi ndi Scotland anasainirana pangano la ubale, ndipo sukulu zambiri za maiko awiriwa zili ndi ubwenzi. Zimenezi n'zabwino. Koma ubwenzi wa sukulu suchedwa kusanduka wakuti mbali ina ibweretsa mipira ndi makompyuta, mbali inayo ivina beni nithokoza. Kodi aphunzitsi athu alibe choti aphunzitse alendo? Ndikana ndithu. Mphunzitsi amene atha kugwira kalasi lodzaza mpaka pakhomo ndi choko chimodzi ali ndi luso limene mnzake wa ku Glasgow alibe. Mphunzitsi wa sayansi amene labotale yake ilibe mankhwala oyesera asidi, nawiritsa chidede, nathira madzi ofiirawo m'makapu awiri, kuti ana aone ndi maso awo kuti ndimu iwasiya ofiira koma chidulo chimene amayi athira m'therere chiwasandutsa obiriwira, ameneyo wachita chinthu choyenera kuti aphunzitsi a m'maiko ena achilembe m'makope mwawo. Alendo akabwera, tisawatengere ku bwalo la magule kokha. Alowe m'kalasi, akhale kumbuyo, ndipo madzulo akhale pansi ndi aphunzitsi athu monga anthu a ntchito imodzi.

Masiku ano kukomana sikufunanso sitima ya pamadzi monga m'masiku a Aggrey. Mphunzitsi akhoza kujambula bolodi lake ndi foni natumiza kwa anzake pa WhatsApp, nafunsa kuti, "Ana anga onse alakwa apa, kwanuko mufotokoza bwanji?" Kuyambira mu 2005 ntchito ya TESSA, imene Open University ya ku Britain inayamba pamodzi ndi makoleji a aphunzitsi a mu Africa, inaika pa intaneti zothandizira aphunzitsi zaulere zimene aliyense aloledwa kuzisintha kuti ziyenere dziko lake. Chovuta ndi mtengo wa bandulo, ndipo sichilungamo kuti mphunzitsi azigula ndi malipiro ake kuti ife tikhoze.

Tsopano ndibwerere kwa anzanga odandaula aja, pakuti dandaulo lawo si lopanda mutu. Sabata imene kalasi likhala lopanda mphunzitsi siibwereranso, ndipo a MANEB sachepetsa mafunso chifukwa aphunzitsi anali ku msonkhano. Zoonanso n'zakuti pali misonkhano ina imene munthu abwerako ndi tisheti ndi fayilo yokha, ndipo Lolemba likafika manotsi ndi omwe aja a chaka chatha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nzeru imene sinalowe m'kalasi mwathu sitingaiwerengere. Chotero mwaulemu ndipempha Aphunzitsi Aakulu kuti pamene kuli kotheka maphunziro otere azichitika pa holide, ndi kuti wopitayo azitisiyira ntchito ndi wotiyang'anira. Koposa zonse ndipempha kuti akabwera asangopereka lipoti ku ofesi, koma aphunzitse phunziro limodzi pamaso pa anzake a dipatimenti yake, nakambirane pambuyo pake. Masana amodzi pa mwezi ife tikhoza kuwapereka mokondwa. Timataya oposa amenewo podikira nyemba kuti zipse.

Ifenso ophunzira tili ndi mbali yathu, ndipo ndi yovuta kuposa mmene ionekera. Tonse tidziwa zimene timachita pamene alendo akhala kumbuyo kwa kalasi. Tikhala nga! ngati mu tchalitchi, odziwa atatu a kutsogolo ayankha mafunso onse, ndipo otsalafe tiphimba makope ndi mkono poopa kuchititsa manyazi aphunzitsi athu ndi sukulu yathu. Tiyesa kuti tili kuwathandiza, koma mphunzitsi amene wabwera kudzafufuza phunziro wadzera yankho lolakwa lija limene tili kulibisa, pakuti ndi lomwelo limene limuonetsa pamene phunziro lathyokera. Teremu ikudzayi, mukaona aphunzitsi a fizikisi ataima pa zenera pa nthawi ya masamu ndi pepala m'manja, chotsani mkono pa kope lanu kuti awerenge bwino, ndipo akafunsa ngati tamva, amene sanamve akweze dzanja.

Wa Folomu 3