Ndani Adzafunsira Agogo Mafunso?

Mlongo wina wa m'gulu lathu la acinyamata ku Kitwe, amene ndi namwino, anatiuza kuti afuna kukacita digiri ya masters ya bioethics. Mkulu wina wa mpingo anaseka nati, "Zimenezo zidzakudyetsa nsima? Ndipo oterewa amabwerako atataya cikhulupiriro." Enanu munasekanso. Ine ndinakwiya, ndipo ndikali wokwiya.

Bioethics ndi phunziro lofunsa cimene cili coyenera ndi cosayenera pamene madokotala ndi ofufuza agwira thupi la munthu. Mkhristu angaope bwanji funso lotere?

Ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, boma linaonerera amuna akuda pafupifupi 400 odwala cindoko osawapatsa mankhwala, ngakhale penicillin atapezeka, kuti lione m'mene matendawo amaonongera munthu. Amene anacita izi anali ophunzira kwambiri, ndipo anadziwa bwino nchito yao. Cimene cinasowa ndi munthu wowaletsa.

Musati ndi za kutali. Ku Ndola kunakhazikitsidwa Tropical Diseases Research Centre, kumene afufuza malungo ndi matenda ena kuyambira m'ma 1970. Kafukufuku ndi wabwino; popanda iye ana athu akanatha ndi malungo. Koma taganizani agogo anu a ku Cifubu kapena ku Cimwemwe atapatsidwa pepala lakuti asaine kuti alowe m'kafukufuku. Kodi amvetsa kuti ali ndi ufulu wokana, ndi kuti akakana adzalandirabe cithandizo? Kapena asaina cifukwa wowapempha wavala coyera ndipo walonjeza ndalama ya basi?

Lamulo la National Health Research Act la 2013 lifuna kuti kafukufuku wa zaumoyo ayambe waunikidwa ndi komiti asanakhudze munthu aliyense. M'makomiti amenewa mukhala anthu, abale anga, osati angelo. Ngati ife a mpingo tithawa maphunziro awa, mipando ija sidzakhala yopanda anthu. Adzakhalapo ena, ndipo ife tidzangodandaula pa maliro.

Za cikhulupiriro, ndaona ambiri akucitaya ku mabawa a mu Kitwe muno osatsegulako buku ngakhale limodzi.

Mlongo uja watumiza kale mapepala ake ku yunivesite ina ku South Africa. Ndalama ya ulendo ikali yosakwana. Loweruka likudzali tidzayendetsa mbale pa msonkhano wathu, ndipo mkulu uja tamuitananso.