Maimelo achinyengo akuzinga sukulu za ukachenjede

Pa 23 December 2019, ophunzira a pa yunivesite ya Maastricht m'dziko la Netherlands ali m'kati mokonzekera Khirisimasi, mbava za pa intaneti zidatseka makompyuta akuluakulu oposa 200 osungira zinthu za sukuluyo. Maimelo adasiya kuyenda ndipo ambiri adalephera kufikira ntchito zawo za kafukufuku. Patatha masiku ochepa, akuluakulu a sukuluyo adalipira dipo la ndalama pafupifupi 200,000 za euro kuti makinawo atsekulidwe.

Kafukufuku adapeza kuti chipsinjo chonsechi chidayamba mu October chaka chomwecho, pomwe maimelo achinyengo adatsekulidwa pa makompyuta awiri okha. Kwa miyezi iwiri, akubawo adakhala akuyendayenda m'makina a sukuluyo mwakachetechete.

Nkhaniyi ikuonetsa kuti makalata osafunika, omwe ambiri amawatcha spam, asiya kukhala chinthu chongotopetsa. Vutoli lidayamba ngati malonda chabe mu May 1978, pomwe Gary Thuerk wa kampani ya Digital Equipment Corporation adatumiza uthenga wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 nthawi imodzi. Lero, pakati pa mulu wa zotsatsa malonda pamabisala makalata omwe cholinga chake n'kuba nambala zachinsinsi, ndalama ndi zikalata.

Pali zifukwa zomwe sukulu za ukachenjede zimakopera akuba. Maadiresi a imelo a aphunzitsi amaikidwa poyera pa masamba a intaneti ndi m'zolembalemba za kafukufuku, choncho mapulogalamu otolera maadiresi savutika kuwapeza. Chaka chilichonse kumabweranso ophunzira atsopano omwe sanazolowere maonekedwe a kalata yeniyeni yochokera ku ofesi ya sukulu. Komanso, wophunzira amene akusowa fizi sachedwa kukopeka ndi uthenga womulonjeza thandizo la maphunziro kapena ganyu ya malipiro onona. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Aphunzitsi ndi ogwira ntchito nawonso amagwa mumsampha. Mu 2017, yunivesite ya MacEwan ku Canada idatumiza ndalama zokwana madola 11.8 miliyoni a dzikolo kwa akuba omwe adalemba maimelo ngati kampani yomwe sukuluyo inkachita nayo malonda, n'kupempha kuti akaunti yolipirira isinthidwe. Mu March 2018, boma la America lidatsegulira milandu anthu 9 a ku Iran powaganizira kuti adathyola maimelo a aphunzitsi pafupifupi 8,000 a m'mayunivesite oposa 300 m'maiko osiyanasiyana.

Kuchepetsa vutoli kumayambira ku nthambi yoona za makompyuta. Njira zotchedwa SPF, DKIM ndi DMARC zimathandiza kutsimikiza kuti kalata yachokeradi komwe ikunena, kotero zimavuta kuti wakuba alembe m'dzina la sukulu. Kuyambira mu February 2024, makampani a Google ndi Yahoo adayamba kukakamiza otumiza makalata ambirimbiri kutsata njirazi. Chitetezo china n'chakuti munthu polowa mu imelo azitsimikiza kawiri, monga kudzera pa foni, kuti nambala yachinsinsi ikabedwa isakhale yokwanira payokha.

Komabe sefa iliyonse ili ndi malire. Ikakhwima kwambiri imataya makalata ofunika, monga oitanira wophunzira ku mayeso a ntchito. Ikalekerera, zinyalala zimadutsa. N'chifukwa chake gawo lalikulu limatsalira mwini imelo: kuyang'anitsitsa adiresi ya wotumiza, kukayikira uthenga woopseza kuti akaunti itsekedwa lero lomwe, ndi kusayankha spam, poti kuyankha kumangouza wotumizayo kuti adiresiyo ikugwira ntchito. Kalata yopempha kusintha akaunti yolipirira iyenera kutsimikizidwa poimba foni pa nambala yodziwika kale.

Sukulu nazo zili ndi mbali yawo. Ofesi iliyonse ikamatumiza chidziwitso chilichonse kwa aliyense, anthu amatopa n'kusiya kuwerenga mosamala. Ndipo amene wadina linki yoipa akamaopa kudzudzulidwa, amabisa, zomwe zimapatsa akuba nthawi yokwanira.

Ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kutumiza mauthenga osapemphedwa pofuna kuchita zinthu zosaloledwa, ndipo lidakhazikitsa nthambi yothana ndi ziwembu za pa intaneti pansi pa bungwe la MACRA. Koma lamulo limavutika kufikira mbava zokhala kunja kwa dziko. Pomwe kulembetsa, zotsatira za mayeso ndi kulipira fizi zikusamukira pa intaneti, sukulu yomwe siphunzitsa ophunzira ake kuzindikira kalata yabodza m'sabata yawo yoyamba ikusiya khomo lotsekula.