Msewu wa ku Sur unayambira pa doko la Nkhotakota

Kuno ku Nsipe dzina la Oman limatuluka m'nkhani ziwiri zokha. Yoyamba ndi ya mtsikana amene akusakasaka ndalama ya pasipoti chifukwa wina wamulonjeza ntchito ya m'nyumba kumeneko. Yachiwiri ndi ya mayi ake, miyezi ingapo itadutsa, akuuza anzawo pa msika wa Kampepuza kuti foni ya mwana wawo yasiya kupezeka. Ine ndikufuna ndiwonjezepo nkhani yachitatu, yakale kuposa ziwirizi. Magombe a Oman ndi magombe a nyanja yathu analumikizidwa ndi msewu umodzi kalekale, agogo a agogo athu ali moyo. Eni ake a mbali ya uko akusamala gawo lawo la msewuwo ndipo akudya nalo. Ife gawo lathu talisiya kuti limere udzu, ndipo kumeneku ndi kudzimana tokha chuma ndi nzeru.

Ndinagwirako ntchito ya udalaivala ku Muscat, likulu la dzikolo, yonyamula katundu kupita m'mashopu ndi m'mahotela a m'matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere. Ulendo umene unandilowa mumtima ndi wa ku Sur, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kulowera kummwera chakummawa. Ukatuluka mu Muscat umayamba wakwera mapiri a miyala yokhayokha, opanda mtengo ndi umodzi womwe, mpaka utsetserekere ku Quriyat, tauni ya asodzi. Kuchoka pamenepo nyanja imakhala kumanzere kwako, mapiri a Hajar kumanja, msewu wathyathyathya wopanda dzenje pakati. Ku Bimmah kuli chidzenje chachikulu cha madzi obiriwira chimene anachitchingira mpanda, n'kuikapo masitepe otsikira pansi ndi malo opumulira. Ku Tiwi kuli chigwa cha Wadi Shab, kumene madzi amayenda pakati pa matanthwe ndipo mitengo ya kanjedza imabereka zipatso zake m'dziko louma gwaa. Anyamata a m'mudzimo amawolotsa alendo pa timaboti, n'kulandira kangachepe.

Usanalowe mu Sur umadutsa mabwinja a mzinda wa Qalhat, umene mlendo wotchuka uja Ibn Battuta anafikako cha m'ma 1330. Pamalopo pali milu ya miyala ndi nyumba imodzi yoimirira, manda a mayi wina wolemekezeka dzina lake Bibi Maryam. Poyang'ana ndi maso ungati palibe chachilendo, koma boma lawo linalimbikira kufukula, kulemba ndi kuteteza malowo mpaka bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2018. Mu Sur mwenimwenimo amisiri akadakhoma zombo zamatabwa pagombe monga ankachitira makolo awo, ndipo chombo china chakale, Fatah Al Khair, anachikokera kumtunda kuti ana asukulu azichiona ndi kuchikhudza. Patsogolo pang'ono, ku Ras al Jinz, akamba akuluakulu am'nyanja amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga. Alendo amalipira, amayenda m'timagulu motsogozedwa ndi munthu wa komweko, ndipo saloledwa kuwalitsa kamera. Paliponse pamene ndinaima panali chikwangwani chofotokoza, chimbudzi chaukhondo, ndi munthu amene ntchito yake ndi kusimba mbiri ya malowo.

Ku Sur komweko bambo wina wachikulire, mwini shopu imene ndinkatsitsako katundu, anandiitanira khofi wowawa ndi zipatso za kanjedza. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anasiya Chingerezi n'kuyamba Chiswahili. Anabadwira ku Zanzibar, banja lawo linachokako pa chipolowe cha 1964, ndipo Nkhotakota ankaidziwa kuchokera m'nkhani za agogo ake. Anthu otere ku Oman alipo ambiri, ndipo mbiri ikufotokoza chifukwa chake. Aluya a ku Oman anathamangitsa Apwitikizi mu Muscat mu 1650, n'kuwalandanso linga la Fort Jesus ku Mombasa mu 1698. Cha m'ma 1840 mfumu yawo, Seyyid Said, inasamutsira likulu lake ku Zanzibar. Chimene chinkayendetsa zonsezi ndi mphepo. Monga asodzi a ku Chipoka amadziwira nthawi ya mwera ndi ya mpoto, amalinyero a ku Sur ankadziwa kuti kuyambira cha mu Disembala mphepo imakankhira matanga ku Africa, ndipo kuyambira cha mu Epulo imatembenuka n'kuwabweza kwawo.

M'zaka zomwezo za m'ma 1840 Salim bin Abdullah, amene timamudziwa ndi dzina loti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota. Iye ndi a Jumbe amene anamutsatira ankadzitenga ngati nthumwi za mfumu ya ku Zanzibar. Ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, n'kumatenga minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankawawolotsa nyanja pa zombo kupita kutsidya la kummawa, kenako n'kuwayendetsa pansi, goli lili m'khosi, mpaka ku Kilwa. David Livingstone, amene anafika ku Nkhotakota koyamba mu 1861, analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Colonel Rigby, anamuuza kuti anthu 19,000 ochokera kudera la nyanja yathu lokha ankadutsa pa kasitomu ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Ambiri anathera m'minda ya ku Zanzibar ndi Pemba. Ena anakwezedwanso zombo kupita ku Arabia, ndipo Sur linali limodzi la madoko otsikirapo. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, komabe zombo zina za ku Sur zinapitiriza mozemba zitakweza mbendera ya France kuti Angerezi asazisechere, mpaka mlandu wake unakafika ku khoti la ku The Hague mu 1905. Ku Oman ukapolo unathetsedwa mwalamulo mu 1970, chaka chimene Sultan Qaboos analowa ufumu. Akuluakulu ambiri amene akuwerenga nyuzipepala ino anali atabadwa kale.

Pa zikwangwani zonse zimene ndinawerenga m'mbali mwa msewu wa ku Sur, ndinapezapo za luso lokhoma zombo, za kulimba mtima kwa amalinyero, za malonda a lubani ndi zipatso. Za anthu amene ankagona pansi pa zombozo atamangidwa sindinazipezepo. Sindikudabwa nazo, pakuti mwini nyumba aliyense amaonetsa mlendo zokoma za pakhomo pake. Koma ndiye kuti mbali ina ya nkhaniyi ilibe woisimba ngati ife sitiisimba. Anthu amene anamangidwawo anali a ku Kasungu, a ku Ntchisi, a ku Dowa, a m'chigwa cha Bwanje pansipa. Ngati zidzukulu za abale awo zikhala chete, ndani adzawatchule?

Tsono taonani gawo lathu la msewuwu. Kuchoka pano pa Nsipe ndi ulendo wa tsiku limodzi lokha. Mumatsika ndi M1 mpaka cha ku Chingeni, n'kukhotera mu M5, kudutsa Sharpevale, Kasinje ndi Golomoti, phiri lili kumanzere, chigwa chili kumanja. Pa Mua pali mishoni imene Abambo Oyera anakhazikitsa mu 1902, ndi malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene mbiri ya Achewa, Ayao ndi Angoni inasungidwa mwaulemu. Malo amenewa ndi umboni woti ntchito yotereyi ndi yotheka kuno kwathu. Mukapitirira mumaona nyanja pa Chipoka, mumadutsa Salima ndi Benga, mumawoloka mlatho wa Chia pamene amayi amagulitsa nsomba, ndipo madzulo muli pa Nkhotakota. Kukongola kwa njira imeneyi sikuchepa ndi kwa njira ya ku Sur, ndipo ife tili ndi mwayi wa madzi abwino akumwa, mitengo yobiriwira, ndi njovu pafupifupi 500 zimene bungwe la African Parks linasamutsira m'nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017.

Pa Nkhotakota mtengo umene mbiri imati Livingstone anakambirana pansi pake ndi Jumbe ukadalipo. Malo a mudzi wa Jumbe ku Linga alipo, gombe limene zombo zinkanyamukirapo lilipo, mpunga wa faya umene unafala m'nthawi imeneyo tikudya mpaka lero. Koma mlendo akafika ayenera kufunsa wa kabaza kuti amulozere njira, ndipo zimene amve zimatengera amene wakumana naye tsikulo. Ku Mangochi, kwa Mponda ndi kwa Makanjira, malinga amene Angerezi anamanga m'ma 1890 pofuna kutseka njira za akapolo akugumuka pang'onopang'ono m'tchire. Ku Karonga, kumene Mlozi anapachikidwa mu 1895, n'chimodzimodzi. Dziko lathu linapereka njira za akapolozi ku UNESCO mu 2011 kuti ziganiziridwe, ndipo dzina lathu lakhala pa mndandanda wodikira kuyambira pamenepo.

Ena adzati mbiri sadyera nsima, ndalama zipite ku mankhwala ndi feteleza. Ndikuwamva, inenso ndine mlimi wa nyemba ndi kachewere. Koma zimene ndinaona ku Bimmah ndi ku Tiwi si zinthu za mabiliyoni: mpanda, masitepe, chikwangwani, chimbudzi, ndi mnyamata wophunzitsidwa bwino wolandira alendo. Zoterezi khonsolo ya boma ingathe kuzichita mogwirizana ndi nthambi yoona za malo osungirako mbiri ndi mafumu a m'deralo. Mlendo akaima ola limodzi pamalo amagula mpunga, amadya chambo, amagona pa resiti hausi, ndipo ndalamayo imatsala m'mudzi. Chodula kwenikweni ndi msewu wa M5 umene umakumbika ndi kuduka milatho nthawi ya dzinja, koma umenewu tikuufuna kale chifukwa cha shuga wa ku Dwangwa, nsomba ndi odwala.

Ena akuopa kuti kukumba nkhani ya ukapolo kudzadzutsa chidani pakati pa mitundu ndi zipembedzo. Mantha amenewa ndi omveka, koma mankhwala ake ndi kunena zoona zonse, osasiyako. Aluya ndi Aswahili ankagula. Mafumu ena a Chiyao ankagulitsa. Mafumu ena a Chichewa ankapereka anthu awo omwe posinthana ndi nsalu. Apwitikizi anali ndi njira yawo yodzera ku Tete ndi Quelimane. Ndipo ife Angoni a ku Ntcheu, amene timanyadira ngoma ndi zishango pa Umhlangano ku Nkolimbo, tiyenera kuvomera kuti ena mwa anthu amene ankagwidwa pa nkhondo za makolo athu ankathera m'manja mwa amalondawo. Nkhani ikasimbidwa yonse chonchi palibe mtundu umene ungaloze chala unzake. Zabwino zimene zinabwera ndi njira yomweyo, monga mpunga, luso lokhoma zombo, ndi kulemba ndi kuwerenga m'madarasa a Chisilamu, zinenedwenso pa chikwangwani chomwecho.

Chifukwa chachikulu chimene ndikulimbikira nkhaniyi ndi atsikana aja. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anatsekeredwa m'nyumba za anthu ku Oman, ena atauzidwa kuti akupita ku Dubai, mapasipoti atalandidwa, mpaka mayi Pililani Mombe Nyoni anawasonkhanitsa pa gulu la WhatsApp ndipo anathandizidwa kubwerera. Sindikunena kuti aliyense wopita kumeneko amazunzika. Ine ndinalipidwa, ndinalandiridwa bwino ndi anthu ambiri, ndinabwerako ndi malata a nyumba. Kusiyana kwake n'koti ndinali ndi kontirakiti yolembedwa, ndinkatuluka panja tsiku lililonse, ndipo ndinkatha kulankhula ndi anzanga. Wantchito wa m'nyumba amene chilolezo chake chokhalira m'dzikolo chili m'manja mwa bwana mmodzi alibe mwayi umenewo. Mwana amene anaimapo pagombe la Nkhotakota, n'kumva momwe anthu ankagulitsidwira ndi owadziwa, amafunsa mafunso pamene wachibale wamubweretsera ejenti wolankhula mokoma. Lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015, koma lamulo limagwira ntchito pamene anthu ake akudziwa chimene akuyenera kuchikana.

Pempho langa likupita kwa anthu amene ndingathe kuwafikira. Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo a sukulu za kuno ku Nsipe, Kampepuza ndi Ntcheu yonse, ikani ulendo wa ku Mua ndi Nkhotakota pa dongosolo la chaka, ndipo makolo tisonkhe pang'onopang'ono tikangokolola. Makhonsolo a Nkhotakota, Mangochi ndi Karonga, ikani zikwangwani za m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi Chingerezi, ndipo phunzitsani achinyamata a komweko kusimba mbiriyi molondola. Aphungu athu, funsani m'nyumba ya malamulo kuti pempho la ku UNESCO lija lafika pati, komanso kuti boma likhale pansi ndi boma la Oman n'kusainirana mgwirizano woteteza antchito athu. Ndipo inu makolo anzanga, mwana asanakwere basi ya ku Lilongwe, onani kontirakiti ndi maso anu, kaionetseni ku ofesi ya zantchito pa boma, sungani kope la pasipoti yake, ndipo lembani dzina ndi nambala ya amene akumutenga.