Lekani Kulambila Dzina la pa Kabotolo ka Penti

Pakati pa ise amene timamanga tumotoka twa pulasitiki pabuka khalidwe loipa. Wacicepele akaonetsa kamotoka kake koyamba, funso limene amalandila ni lakuti, "Wapenta na ciani?" Akayankha kuti Tamiya, onse amagwedeza mitu. Akachula penti ya ku hadiweya, kuseka kumayamba. Palibe amene amafunsa ngati anatsuka pulasitiki na sopo, ngati anayamba na pulaima, kapena kumene anapopela. Khalidweli tikulikana, cifukwa likuonongetsa ndalama za anzathu ndipo likuthamangitsa oyamba kumene.

Dzina la kampani silikuuzani zimene zili m'botolo. Penti ya tumotoka ili m'mitundu itatu: acrylic, enamel na lacquer. Humbrol ya ku England inachuka na tuzitini twa enamel twa 14 ml. Vallejo ya ku Spain ni acrylic yosungunula na madzi. Mr. Color ya ku Japan ni lacquer. Nanga Tamiya? Imapanga yonse itatu. Tumabotolo twake tozungulila twa X na XF ni acrylic, twa makona anayi tokhala na manambala amodzimodziwo ni enamel, ndipo zitini zopopela za TS ni lacquer. Conco munthu akakuuzani kuti "gula cabe Tamiya", sanakuuzeni ciliconse.

Kusadziŵa zimenezi kumapweteka. Mankhwala osungunula lacquer ni amphamvu kuposa a mitundu ina iŵili. Mukapopela lacquer pamwamba pa enamel, imadya penti ya pansi, ndipo boneti yonse imacita makwinya. Izi zimacitika ngakhale zonse ziŵili zikhale za kampani imodzi. Lamulo ni lakuti lacquer ikhale pansi, enamel kapena acrylic ibwele pamwamba. Amene adziŵa lamuloli angasakanize makampani atatu pa kamotoka kamodzi n'kutuluka bwino.

Cina cimene olambila maina amaiŵala ni cipangizo cili m'manja mwa munthu. Acrylic ya Tamiya imaoneka bwino kwambili ikapopedwa na airbrush, mutaisungunula na X-20A. Koma pa bulashi imauma msanga, ndipo mukabwelezapo imakoka penti imene munapaka poyamba. Vallejo Model Color inapangidwila bulashi. Enamel ya Humbrol imauma pang'onopang'ono, motelo mizele ya bulashi imakhala na nthawi yofafanizika. Manje tifunsane: ni angati mwa ise ali na airbrush na kompulesa? Ndipo amene ali nazo, amapopela bwanji malaiti akapita? Kuuza mwana wa sukulu amene ali na bulashi imodzi kuti agule penti yofuna makina ni kumuponya m'dzenje. Kamotoka kakaipa, iye amaganiza kuti manja ake ndiwo oipa, n'kuleka.

Tisaiŵalenso kumene tikhala. Malangizo ambili a penti amalembedwa na anthu amene sitolo ya zinthu izi ili pafupi na nyumba yawo. Ise zambili timaitanitsa kunja, kulipila m'madola kapena m'malandi, ndipo zitini zopopela sizilandilidwa pa positi ya ndeke cifukwa zimagwila moto. Mu August na September mphepo ya mu Lusaka imaloŵetsa fumbi paliponse, ndipo enamel imene imatenga maola kuti iume imatola fumbi lonselo mukapanda kuvundikila kamotoka na katoni. M'nyengo ya mvula, lacquer yopopedwa mpweya uli na cinyezi imacita mbuu. Penti yabwino ku Shizuoka, kwawo kwa Tamiya, ingakugwilitseni mwala ku Kanyama mu January.

Ena adzati, "Koma penti ya makampani awa ni yabwinodi." Zoona, sititsutsa. Ufa wa mtundu umene uli m'kati mwake ni wosalala kwambili, ndipo pa kamotoka ka 1:24 zimenezi n'zofunika, pakuti penti yolimba imakwilila mizele ya zitseko na tumalembo. N'zoonanso kuti thina ya ku hadiweya imasungunula polystyrene, pulasitiki imene tumotokatu tumapangidwa nayo. Koma mfundo izi zikutiphunzitsa kusamala. Sizitipatsa ufulu wonyoza munthu. Thupi lacitsulo la Hot Wheels siliopa penti yopopela ya ku hadiweya. Ngakhale pa pulasitiki ingagwile nchito mukayamba na pulaima, mukapopela muli patali, pang'onopang'ono, n'kuyembekeza kuti iume musanabwelezepo. Coyamba yesani pa tumitengo twa pulasitiki tumene tumatsala mukadula ziwalo. Ngati pulasitiki yakhakhala, mwataya kamtengo cabe.

Nkhani yaikulu kuposa zonse ni ya mapapo. Lacquer ndiyo imaŵala kwambili pa thupi la motoka, n'cifukwa cake akatswili amaitamanda. Koma ambili a ise timagona, kuphika na kugwila nchito m'cipinda cimodzi. Nthunzi ya lacquer imapweteka mutu, ndipo imayaka ikakumana na mbaula kapena kandulo. Masiki yansalu imene inatsala nthawi ya Covid siitsekeleza nthunzi imeneyo. Amene amalimbikitsa mng'ono wake kugula lacquer osamuuza kuti apopele panja, kutali na moto, ni mnzake woipa, kaya mashelufu ake adzale bwanji na tumabotolo twa ku Japan.

M'makomboni mwathu ana akhala akupanga motoka za waya kwa zaka zambili, mawilo a zitini, siteling'i yaitali mpaka m'ciuno. Amene amatamandidwa ni uja motoka yake imakhota bwino pa kona. Muyezo umenewo ndiwo tiubwezele. Wina akabwela na kamotoka kake, mufunseni kuti n'kacitsulo kapena n'kapulasitiki, ali na bulashi kapena airbrush, ndipo amapentela kuti. Mukamva mayankho atatuwo, m'pamene mungamuuze penti yogula. Ngati muli na kabotolo kotsala theka, mupatseni ayeseko asanataye ndalama zake.